Madenga Khumi ndi Awiri a Udzu

1.
Kabokosi kotchedwa kasetilaiti. Kukula kwake ngati buledi, koma kamazungulira dziko lonse, nkumadutsa pamwamba pa Malawi kakujambula. Ophunzira asanu a payunivesite anasankhidwa kuti akaphunzitse kuzindikira zomwe kakuona. Mmodzi anali Ndaona, mwana wa ku Chikwawa, amene anzake ankati ndi wa ku Namiwawa, kwa anthu olemera m'tauni. Iye sanatsutsepo, ankangokonza tsitsi.

2.
Ntchito yake: kuyang'ana chithunzi, nkulemba dzina pa chilichonse.
Madzi.
Msewu.
Munda.
Nyumba.
Chonyezimira ndi malata, malata ndi nyumba, ankatero a Dokotala Mkwezalamba, mphunzitsi wawo. Kasetilaiti sikanama.

3.
Malichi. Mvula masiku anayi osakata. Shire yasefukira. Ndaona akuimbira amayi ake kumudzi, foni siikulowa. Akuimbanso.

4.
Opulumutsa anthu anapempha mapu ku labu ya ophunzira aja, poti mabwato anali atatu okha ndipo madzi anali paliponse, ndiye mabwato ankapita kumene mapu aonetsa nyumba, nkutenga anthu pa madenga, pa sukulu, pa tchalitchi, kubwerera, kupitanso, mpaka nkhani inafika yoti mazana awiri apulumuka ndipo mu labu anaomba m'manja, ena mpaka kuvina, a Dokotala akupukuta magalasi, mwaona ana inu, kasetilaiti sikanama

5.
Tsiku lachisanu foni inalira. Mlongo wake, Fatsani.
Achimwene, amayi ali kuti? anafunsa Ndaona.
Tinali mu mtengo wa mango uja, chemwali. Masiku awiri.
Bwato silinabwere?
Tinalimva kulira chapatali. Tinakuwa mpaka mawu kutha. Akuti kwathu pa mapu panalibe mudzi.
Ndafunsa za amayi.
Manja awo anatopa, chemwali.

6.
Miyezi inayi m'mbuyo, mu labu momwemo. Chithunzi chikubwera pa kompyuta, Ndaona mtima phaa: mtengo wa mango, kanjira ka kuchigayo, madenga khumi ndi awiri a udzu, otuwa ngati nthaka. Ndi kwawo: denga lachitatu kuchokera kumtsinje analifolera nawo iye mwini.
Alipo akudziwa dera limeneli? akufunsa a Dokotala. Izi ndi nyumba kapena milu ya mapesi?
Mapesi amenewo, akutero wina. Angagone mmenemo ndani, mbuzi?
Onse akuseka. Ndaona akuseka kuposa onse. Amati manyazi adapha lambe, koma lambe adafa yekha.
Akugwira mausi. Akulemba: Munda.
Kabokosi kanamukhulupirira.