Mlatho Wopanda Mwini

Bambo anga ankasoka nsapato kutsidya kwa mtsinje, pakhonde la sitolo yogulitsa penti. Chiwagwireni sitiroko, mwendo wamanzere amachita kuukoka, koma manja ali bwinobwino, ndipo pakamwa ndiye sipanakhudzidwe n'komwe. M'mawa uliwonse ankatenga ndodo yawo, n'kutsetsereka ndi kanjira ka m'mbali mwa msewu, n'kuwoloka pa matabwa omwe anthu anayala okha kumunsi kwa mlatho wa galimoto. Pamwamba pa mlathopo sankadutsapo. Ndi wopapatiza kwambiri, moti malole awiri akakumanapo madalaivala amapinda magalasi a m'mbali.

Ine ndinali nditangoyamba ntchito ku khonsolo, mu ofesi ya mapulani. Desiki yanga inali kuseri kwa chitseko, pafupi ndi ketulo, ndipo aliyense wofuna tiyi ankayamba wandipempha kuti ndisendeze mpando. Abwana athu tinkawatchula a Ndamva, chifukwa chilichonse chomwe ungawauze ankayankha choncho, maso ali pafoni.

Chaka chimenecho kunabwera ndalama zomangira njira za oyenda pansi ndi apanjinga. Makhansala anazigawana monga mwa chizolowezi chawo: dera lililonse gawo lake, ndipo khansala aliyense amange m'dera mwake kulekeza pamalire. Msewu wathu unachita mwayi. Umadutsa m'madera awiri, ndipo makhansala onse awiri anausankha. Nditawauza bambo, anaseka.

"Ndiye kuti anthu aziyenda kwambiri, nsapato zizitha msanga," anatero. "Ukawathokoze abwana akowo, andipezera makasitomala."

Vuto ndinaliona tsiku lomwe anandituma kukasindikiza mapu. Ndinayala a dera lathu ndi a dera la kutsidya patebulo limodzi, ndipo pakati panatsala mpata. Malire a madera awiriwa ndi mtsinje womwewo.

"Bwana, njira ziwirizi sizikukumana," ndinawauza a Ndamva.

"Ndamva."

"Ya kuno ikuthera pagombe, ya kutsidya ikuyambira pagombe linalo. Pamlatho palibe chilichonse."

"Mlathowo uli m'dera la ndani?"

"Malire adutsa pakati pa madzi."

"Ndiye mwadziyankha nokha, chemwali. Ife timajambula pomwe pali ndalama."

"Nanga matabwa aja? Pano palembedwa kuti kontirakitala achotse zonse zosavomerezeka, amange khoma m'gombe."

"Matabwa ati? Pamapu mukuwaona?"

Pamapu panalibe. Pamapu panalibenso amayi osenza mitolo ya masamba, ana asukulu, anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, kapena bambo anga.

Ndinapempha kuti nkhaniyi ilowe mu komiti. A Ndamva anandilola, mwina pofuna kuti ndikaphunzire. Khansala wa kuno ndi mwini golosale, munthu wamphete zambiri ndi kuseka kwambiri. Wa kutsidya ndi mayi yemwe anali mphunzitsi wamkulu, ndipo mpaka pano amayang'ana anthu ngati achedwa kulowa m'kalasi. Ndinafotokoza mwachidule: aliyense adule pang'ono kumapeto kwa njira yake, zotsalazo amangire kamlatho ka oyenda pansi pomwe pali matabwa paja.

"Maganizo abwino," anatero a golosale. "Amayiwa ayambe ndiwo. Anthu awo ndi amene amawoloka kudzagula kwathu kuno."

"Anthu anu sawoloka kubwera ku chipatala kwathu?" anafunsa amayiwo. "Kapena kwanuko simudwala?"

"Timadwala tikaona misewu yanu."

Anthu anaseka. Amayi aja anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, sukulu mwaphunzira, sitikukana. Koma kumapeto komwe mukuti ndiduleko kuli nyumba, m'nyumbamo muli anthu. Pamlatho pakhala ndani? Mlatho suvota."

Pamenepo a golosale anagwedeza mutu kuvomereza. Chaka chonsecho, mfundo yomwe awiriwa anagwirizana ndi yokhayo.

Tinapitako kukayendera malowo, pa galimoto ya khonsolo, mawindo otseka kuopa fumbi. Titafika pamlatho ndinapempha kuti titsike, tiwoloke wapansi kamodzi kokha.

"Pano? Mukufuna mutiphetse?" anatero a Ndamva, n'kuuza dalaivala kuti aponde moto.

Njirazo zinamangidwa, ndipo ndisaname, zinali zokongola. Njerwa za simenti zoyalidwa bwino, mzere wa apanjinga m'mbali, pansi atajambula kanjinga koyera. Matabwa anazulidwa, khoma linakwera. Kale anthu ankabalalika, wina kudzera apa wina apo. Tsopano njira yabwinoyo inkawasonkhanitsa onse mwaulemu, oyenda pansi ndi apanjinga omwe, n'kukawatula pakamwa pa mlatho.

Sabata yoyamba ndinkawaperekeza bambo ndisanapite ku ntchito. Tinkaima pomwe njerwa zathera, kudikira mpata. Munthu wamiyendo yabwino amathamanga. Bambo sathamanga. Tsiku lina tili pakati penipeni, lole ya mchenga inakumana ndi basi. Tinakanirira ku zitsulo za m'mbali, ine kutsogolo, bambo kumbuyo kwanga. Thupi la loleyo linadutsa pafupi moti ndinamva kutentha kwake pamasaya. Chingwe cholendewera kumbuyo kwake chinakola ndodo ya bambo n'kuiponya m'madzi. Tinamaliza kuwoloka atakoleka dzanja pakhosi panga, madalaivala akuimba mahutala.

"Usakawauze amayi ako," anatero titafika kutsidya.

Sindinawauze. Anawauza ndi mayi wogulitsa nthochi, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.

Madzulo ake amayi anadikira kuti bambo asambe m'manja kaye.

"Bambo a ana, kutsidya kuja mwasiya."

"Wanena ndani?"

"Ndanena ine. Ndinakusambitsani miyezi ingati muli gone? Ndinkakudzutsirani lole?"

"Makasitomala anga ali uko. Kuno ndisoka nsapato za ndani, za nkhuku?"

"Kwerani minibasi."

"Kondakitala wake uti angadikire mwendo uwu? Akandiona amayang'ana kumbali ngati ndine apongozi ake."

Kenako onse awiri anayang'ana ine. Anandilipirira sukulu ndi nsapato zomwezo, ndipo patsamba lililonse la mapulani aja, pakona yakumunsi, panali dzina la ofesi yathu.

Ndinayesanso. A Ndamva anati mlatho ndi wa a nthambi ya misewu. A misewu anati iwo amaona za galimoto, oyenda pansi ndi a khonsolo. Nditabwerera nazo, a Ndamva anaika foni pansi, chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo.

"Chemwali, mwakhala mukuchedwa m'mawa. Za mlathozo tiziona mu bajeti ya chaka chamawa. Pakali pano konzekerani mwambo wotsegulira. Muvale bwino, munyamula mbale ya sizasi yodulira liboni."

Maliboni anali awiri, ina tsidya lino, ina tsidya linalo, poti khansala aliyense amafuna kudula yake. Anadula ya kuno, anthu n'kuwomba m'manja. Kuti alendo akafike pa liboni inayo, apolisi anaimitsa galimoto mbali zonse. Malole anandandalika mpaka kuphiri. Pamlatho panangoti zii, n'kumamveka madzi akuyenda pansi. Makhansala awiri aja anakumana pakati, pamalire penipeni, n'kugwirana chanza nthawi yaitali kuti wojambula apeze mbali yabwino. Ine ndinaima pambali ndi mbale yanga.

Ndipamene ndinawaona makolo anga akuchokera kutsidya. Amayi akukankha wilibala yobwereka, mmenemo muli benchi, chitsulo chokhomerapo nsapato, chitini cha guluu, ndi thumba la nsapato zomwe eni ake anali asanabwere kudzatenga. Bambo pambuyo, ndi ndodo yatsopano, atavala jekete la kutchalitchi. Anali atamva kwa ine kuti apolisi adzatseka msewu. M'mawa anapita pa galimoto ya mwini sitolo ya penti, yemwe anabwera dala kudzawatenga kuti akatsanzike. Ankayenda pakati pa msewu, osafulumira.

Khansala wa golosale anawaona, nkhope n'kuwala.

"Wojambula, tembenuka. Ndi zimenezi timanena. Ngakhale achikulire, ngakhale olumala, lero akuyenda mwaufulu. Bwerani kuno, madala, muime pakati pathu."

Bambo anaima. Anayang'ana a golosale, n'kuyang'ana amayi a kutsidya aja, kenako nsapato za onse awiri, monga amachitira ndi munthu aliyense.

"Jambulani bwino, bwana," anatero. "Sindidutsanso."

"Mwati bwanji, madala?"

"Ati akuthokoza," anayankha a Ndamva msanga.

Chithunzicho chinatuluka bwino. Anachipachika mu ofesi mwathu, pamwamba pa ketulo, ndipo chinalowanso mu lipoti lopita kwa omwe anapereka ndalama. Pansi pake analemba kuti njira yatsopano yafupikitsa ulendo wa anthu ovutika kuyenda.

Bambo anaika benchi yawo pakhonde lathu. Nyumba yathu ili kumapeto kwa kanjira kosatulukira kwina, ndipo odutsapo ndi oyandikana nawo okha. Nsapato za m'thumba zija anazimaliza sabata yomweyo, n'kuzindandalika pakhoma, zopolishidwa. Eni ake ambiri amakhala kutsidya. Ena atumiza uthenga kuti abwera akapeza mpata, ndipo bambo amawayankha kuti asafulumire, nsapato siziwola.