Mayina Awiri pa Kanyama Kamodzi

Dokotala Wilaiwan anaika kagalasi pansi pa maikulosikopu, ndipo sanachedwe kuona kuti zinthu sizili bwino. Kanyama kamene kanali pakagalasipo, kachidutswa ka mnofu kamene anakadula m'bere la mayi wina, kanali ndi khansa. Koma atatola pepala kuti alembe, dzanja linaima. Pa kagalasi panalembedwa dzina loti Sunisa, pa pepala Ratchanee.

Mtima unamuuza kuti wolakwitsa ndi Boonlert basi. Mkulu ameneyu ndiye ankadula tinyamato n'kutipaka utoto, ndipo maso anali atayamba kumunamiza, ngakhale mwini wake ankakana kwamtuwagalu. Ngati wasokoneza timagalasi, ndiye kuti mayi wabwinobwino adulidwa bere, wodwala weniweni n'kupita kwawo akuseka.

"Bambo Boonlert, tabwerani. Mayina awiriwa akutani pa munthu mmodzi?"

"Nambala mwaiona, Adokotala? Ndi imodzi."

"Nambalayo amalemba ndinu nomwe."

"Ndinayamba ntchito ino inu musanamere mano. Lero ndiye ndasanduka wakhungu?"

Wilaiwan sanali munthu wogonja ndi mawu. Anaitanitsa timabotolo tonse tosungira tinyama todulidwa Lachiwiri n'kuyamba kufananiza kamodzikamodzi, Boonlert atangopinda manja pakhomo. Sanapeze cholakwika, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamukayikitsa kwambiri. Pomaliza anatsika yekha kumene odwala amadikirira, kukafuna mwini kanyamako.

Anamupeza pabenchi, mayi wonenepa wogulitsa zipatso kumsika wa mumzinda wa Khon Kaen, atamanga kaulusi koyera pamkono.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Ratchanee." Anatulutsa chitupa chatsopano, chonyezimira. "Sunisa ndinali ine ndemwe. Atangondidula kanyama kaja ndinapita kwa woombeza. Anati dzina lakalelo ndi lokoka matenda, ndiye Lachinayi ndinakasintha kuboma."

Wilaiwan anagwidwa manyazi pokumbukira mmene anamunenera mkulu uja. Manyaziwo sanakhalitse, panabwera mantha.

"Mayi, zotsatira zatuluka, ndipo si zabwino. Dokotala wanu akufotokozerani zonse, koma pafunika opaleshoni msanga. Chonde musachoke musanaonane naye."

Mayiyo anamwetulira mwaulemu, akubweza chitupa m'kachikwama mosamala.

"Mwavutika nazo, Adokotala, pepani. Koma kanyamako anadula ndisanasinthe dzina. Matendawo ndi a Sunisa."

Anaimirira, anaphatikiza manja kutsanzika, n'kupita kukakwera basi.