Kumbuyo kwa Achimwene Yotamu

Esinta analota ali pabwalo la kwawo ku Linthipe, dzuwa lili paliwombo. Pakati pa bwalopo panaima mlongo wake Yotamu, yemwe sanabwere pa maliro a mayi awo. Chichitikire malirowo Esinta anali asanamuyankhulepo, ngakhale anamva kuti munthuyo wayamba kudwaladwala.

Yotamu anali wamkulu ngati nkhokwe. Anavala suti yakuda, chifuwa chili patsogolo, manja atabisa kumbuyo ngati kapitawo woyendera antchito. Nkhope inali gwa. Esinta anati chamumtima munthu ndi yemwe uja, sanasinthe.

Mayi awo anali pakhonde akusankha nyemba, dothi la kumanda likadali m'tsitsi. Sanadzutse mutu.

"Nangozo, mwaima polakwika," anatero kwa Esinta. "Tasunthirani cha ku mtengo wa mapeyala."

Esinta anasuntha. Akaponya phazi, Yotamu ankaphwa. Pofika pamtengo paja anamuonera cham'mbali, ndipo anali wopyapyala ngati lata. Mphepo ikaomba ankapindika n'kumalira ngati denga lakale. Ukulu wonse uja unali wakutsogolo kokha. Mtengowo unapempha Esinta mwaulemu kuti apitirire, poti iwo unakalamba ukuona mbali imodzi yomweyo ndipo sunkadziwa zambiri.

Kumbuyo kunalibe suti. Kunali msana wosavala, nthiti zili pamtunda. Manja obisika aja anali atafumbata nsalu yatsopano yosafunyulula, ya maluwa obiriwira amene mayi ankawakonda. Mapazi anali atamira m'dothi mpaka mu akakolo.

"Achimwene, bwanji simunabwere?"

"Ndinabwera, chemwali," anayankha osatembenuka. "Ndinafika pamphambano, ndinamva nyimbo, miyendo inakana. Ndikadali pomwepo."

Mayi analamula kuti Esinta aime pamene panaima mlongo wakeyo. Yotamu sanachoke, koma malo anakwana onse awiri, ndipo dothi linali lozizira. Esinta anayang'ana kunyumba. Nyumba imene ankaidziwa kuti ndi yamakona anayi, pamenepa inkaoneka ngati phiri, khomo lake lili kutali, laling'ono. Pakhomopo panaima mzimayi wotambalala ngati chipupa, atatseka ponse, moti ngakhale nkhuku sikanadutsa. Esinta anazindikira duku lake lomwe, ndi nkhope yake yomwe: mzimayiyo anali iye mwini. Sankadziwa kuti ukaima apa amaoneka woopsa chonchi.

Anaomba m'manja n'kupempha mzimayiyo kuti atembenukire cham'mbali pang'ono, pali munthu akufuna kulowa. Mzimayiyo anaganiza nthawi yaitali. Kenako anayamba kutembenuka, ndipo pambali pake panatseguka kampata kowala.

Esinta anadzidzimuka kondakitala akumugwedeza phewa. Anali m'minibasi, khosi litauma chifukwa chotsamira zenera. Kondakitalayo anamuuza kuti apitirira siteji yawo, atsike msanga akwere yobwerera. Esinta anasuzumira panja. Kutsogolo kunali kwa Nathenje, kumene Yotamu ankakhala.

"Tsekani chitseko, bambo," anatero. "Ndikatsikira kutsogoloko."