Achimwene Dzukani

Makaniko akalowa kunsi kwa galimoto, chimene chimaoneka ndi mapazi okha. Ndiye kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, aliyense wodutsa pa galaja ina m'tauni akaona nsapato za makaniko wa pamenepo zitasuzumira kunsi kwa lole, ankazigunda ndi phazi n'kuyimba kuti, "Achimwene dzukani, kwacha." Anzake a ntchito, makasitomala, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pageti. Kale ankatuluka sipanala ili m'manja, maso ali psuu. Pano ankangosuntha phazi n'kupitiriza kumanga nati. Dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso basi, tauni yonse inkamudziwa kuti a Dzukani.

Nyimboyo anayimba ndi mng'ono wake: gitala imodzi, mawu osasa, nkhani ya munthu amene wapeza mkulu wake ali thapsa mu ngalande ndi mowa, nsapato imodzi itabedwa, ana a sukulu akumulumpha. Inagunda nyimbo imeneyo, musamasewere. M'mabasi, m'mabala, kometetsa tsitsi, kulikonse. Azimayi ankalira nayo, zidakwa zinkavina nayo.

Koma amene anagona mu ngalandeyo anali woyimba mwini wake. Makaniko mowa sanaulawepo chibadwire. Iyeyo ndi amene anamupeza mng'ono wakeyo m'mawa popita ku ntchito, n'kumubereka ngati thumba la simenti, masanzi akuyenderera m'kolala ya ovolosi. Patatha mwezi, mzime wa amayi uja anabwera ndi gitala ndi nkhope ya chisoni. Anati nyimbo yamubwerera, koma akayimba kuti woledzerayo ndi iye, amayi ndi mtima wawo wofooka uja afa nazo. Anati achimwene ndiye amadziwika kuti samwa, amayi angoseka. Makaniko anali wotopa tsiku limenelo, anangoti ayimbe, nyimbo ndi mphepo, imapita.

Amayi anasekadi. Nyimbo ndiyo sinapite.

Chaka chino msana unamukana makaniko uja. Adokotala anamuuza mosapsatira kuti akapitiriza kugona pa simenti n'kumanyamula magiyabokosi, pofika chaka chamawa adzayendera ndodo. Mwayi unapezeka: sukulu ina ya ana aang'ono inkafuna dalaivala wa minibasi. Ntchito yokhala pampando, m'mawa ndi masana basi. Anakayesedwa, anayendetsa mosalala moti ngakhale madzi a m'kapu sakanatayika. Mpaka pamene a hedi, mayi wa magalasi pamphuno, anamuyang'anitsitsa n'kufunsa ngati sanali a Dzukani a mu nyimbo aja. Iye anafotokoza kuti samwa. A hedi anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wamvapo zimenezi kambirimbiri. Anati komiti ya makolo ikumana Lolemba, koma asamunamize, palibe kholo lingakweze mwana wake m'galimoto ya munthu wa mu ngalande.

Madzulo ake anakwera basi kupita kwa mng'ono wake. Woyimbayo anali atakula tsopano, mimba kutsogolo, imvi zopaka mankhwala, mowa anausiya kalekale. Ankayimba m'mahotela nyimbo zomwezomwezo kwa anthu amene akudya. Ukaipa dziwa nyimbo, anatero akale, ndipo uyu anaidziwadi. Makaniko anali atamva kuti Loweruka mng'ono wakeyo akakhala pa wailesi, mu pulogalamu imene oyimba akale amafotokoza kumene nyimbo zawo zinachokera.

Sanafune za tiyi. Anakhala pansonga pa mpando chifukwa cha msana, nati, "Amayi anapita, zaka zitatu tsopano. Palibenso woti tizimubisira. Ndibwezere dzina langa, iwe. Ndatopa."

Woyimbayo anatenga gitala n'kuyamba kukunga nsambo zimene zinali zokunga kale. Anati nkhaniyo waifotokoza kambiri, moti nthawi zina akatseka maso amaonadi achimwene ake ali mu ngalande, iye ataimirira pamtunda. Makaniko anangomuyang'ana mpaka gitala inaikidwa pansi. Mng'onoyo analonjeza.

Loweruka masana, wailesi inaikidwa pa diramu ya oyilo. Makaniko anali atatumiza uthenga kwa a hedi kuwapempha kuti amvetsere. Anasamba m'manja ndi sopo wa ufa, n'kukhala pa tayala, anzake atamuzungulira akuyembekeza kuseka.

Woyimba anayamba kuzungulira. Anakamba za bambo awo amene ankayimba mluzu posita malaya, za kwaya imene inamuchotsa chifukwa cha mawu osasa, za gitala yake yoyamba ya chigubu ndi mawaya a buleki ya njinga. Makaniko anagwedeza mutu: mawayawo anamupatsa ndi iye, koma nazonso sizinatchulidwe. Mtima unayamba kumuuza kuti munthuyu athawa. Kenako woulutsa anafunsa za nyimbo ija, akuseka kale.

Pa wailesi panakhala zii, moti wina anaganiza kuti mabatire atha.

"Anthu anga, ndinakunamizani," anatero woyimbayo. "Wogona mu ngalande uja ndinali ine. Achimwene anga sanamwepo mowa. Iwo ndi amene anandibereka kupita nane kunyumba."

Makaniko anamva ngati wina wamutula giyabokosi pamapewa. Anayang'ana pansi, chifukwa maso anali atayamba kuchita zawo. Anasangalala, zoona anasangalala, mwina kwa mphindi imodzi yathunthu.

Woulutsa uja ndiye anapumira m'mwamba. Anauza omvera kuti m'zaka zake zonse pa wailesi sanaonepo chikondi chotere, munthu wotchuka kusenza manyazi a mkulu wake pamaso pa dziko lonse kuti m'bale wakeyo akalambe ndi ulemu. Woyimba anayesa kudula kuti ayi, akunena zenizeni. Woulutsa anati akumvetsa, onse akumvetsa, chibale ndi fupa sichiola. Asanamalize n'komwe gitala ija inali italowa kale, ndipo mawu osasa a mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo anayamba kudzutsa achimwene ake, momveka bwino, mochokera pansi pa mtima, moti ngakhale makaniko mwini wake akanakhala mlendo akanakhulupirira.

Pa galaja anthu anawomba m'manja. Mwini galaja, munthu wosalira ngakhale pamaliro, anapukuta maso ndi chisanza cha girisi, namusisita paphewa n'kunena kuti a Dzukani ali ndi m'bale, enafe abale athu akanatigulitsa kalekale.

Foni inanjenjemera m'thumba. A hedi analemba kuti amvetsera ndipo zawakhudza kwambiri. Anati ndi m'bale wotereyu pambali pake, akukhulupirira kuti tsiku lina mowawo adzausiyiratu. Za minibasi anati asavutike kubwera Lolemba.

Asanaibweze m'thumba inaliranso. Anali mng'ono wake, akupuma ngati wathamanga.

"Achimwene, ndayesa. Mwamva nokha."

"Ndamva," anatero makaniko. "Unaiyimba bwino kwambiri, iwe. Vuto ndi limenelo."

Anadula foni. Lole ya mchenga inali ikudikira kilatchi, mwini wake akuyang'ana wotchi. Makaniko anayala katoni pa simenti, nagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, dzanja lili pamsana. Atalowa kunsi, anapinda miyendo n'kukokera mapazi m'kati kuti asaonekere kunja, ngakhale kugona kotero ndi kumene adokotala anamuletsa.