Maziko a Nyumba ya Waziri

Waziri, dalaivala wochokera ku Mangochi, ankagwira ntchito ku Dubai. Iye anaganiza zomangira apongozi ake nyumba kwawo kwa mkazi wake Hafsa, m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Beira ku Mozambique. Ndege zinali zitaima chifukwa cha Covid, choncho malowo anangowaona pafoni. Anali pafupi kwambiri ndi nyanja yamchere, ndipo mmisiri ankayembekezera kukumba maziko Lolemba.

Hafsa mtima sunali m'malo. Amayi ake anali atamuuza kuti madzi a pachitsime ayamba kumveka mchere, komanso mitengo ya kokonati imene ankaseweramo ali mwana tsopano ili m'madzi. Koma atamufotokozera Waziri, munthu wamakaniyo anangoseka.

"Ine ndakulira kunyanja, mkazi wanga. Madzi amadzaza dzinja, chilimwe n'kubwerera."

Loweruka, akudikira basi ku International City, dera limene ankakhala ku Dubai, anaonetsa zithunzi za malowo kwa Zakaria, mnansi wawo wochokeranso ku Mangochi, amene ankayendetsa boti la akatswiri oyeza nyanja. Ankaganiza kuti amuyamikira. Zakaria anapukusa mutu.

"Achimwene, iyi si nyanja ya kwathu ayi. Dziko likutentha, madzi oundana akusungunuka, ndiye nyanja yamchere ikukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Ikalanda malo, khalas, zatha, sibweza."

Anamulangiza kuti afunse asodzi achikulire pamene madzi amalekezera kukachita namondwe, afunsenso akuluakulu aboma za malo oyenera kumangapo. Anamuuzanso kuti mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja isamadulidwe, chifukwa imafooketsa mafunde.

Waziri anachita manyazi, poti mkazi wake anali atamuchenjeza kale. Komabe safunsa anadya phula. Tsiku lomwelo anaimitsa mmisiri n'kuimbira mlamu wake kuti akafufuze. Yankho linabwera losakondweretsa: pamalo okongolawo panali nyumba zitatu kale, ndipo zonse zinapita ndi madzi. Waziri analamula kuti amange pamalo okwera, ndipo antchito ake anasenza njerwa kupita nazo kumtunda, ngakhale ankang'ung'udza kuti kwatalikira.

Chaka chotsatira namondwe anaomba. Pamalo oyamba aja madzi anafika m'chiuno, koma apongozi anaimba foni ali m'nyumba youma, atasunga mabanja awiri amene nyumba zawo zinamira. Hafsa analira ndi chimwemwe.

Nyanja yamchere ikukwera ndipo sidzabwerera. Musanakumbe maziko m'mphepete mwake, funsani eni dera ndi aboma, ndipo mangani pamalo okwera.