Dzanja la Zala Zinayi pa Galasi

Amene anamulakwira Chikhatho ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake weniweni, ndipo anamulakwira Lachitatu m'mawa, chaka chathachi, m'dziko la eni.

Dzina loti Chikhatho linachokera ku ntchito. Kwa zaka makumi atatu mkuluyu ankapanga mawilibala m'shedi ya malata, ndipo wilibala iliyonse ikatha ankaviika dzanja lamanja m'penti yofiira n'kudinda pambali pake. Dzanjalo linali la zala zinayi, chifukwa chala chimodzi chinapita ndi makina odulira zitsulo. Amisiri omanga nyumba akafuna kugula, ankayamba awerenga zala. Zikakwana zisanu ankadziwa kuti ndi yabodza.

Mlamu analowa m'ntchitoyi mochedwa, atavala jekete, katundu wake ali pakamwa basi. Koma tisamunamizire, ogula ankawapeza. Shedi inakula, anthu a dziko lina anayamba kuitanitsa mawilibala, ndipo tsiku lina mlamu anati, "Alamu, tikalembetse kampani komweko. Dzina lanu ndi langa, moyandikana, papepala limodzi."

Chikhatho anali asanasayinepo pepala chibadwire. Bambo ake anataya malo chifukwa cha cholembera, ndiye iye akaona munthu akumutambasulira pepala ankapinda manja. Koma ulendo uno anadzigonjetsa. Sabata yathunthu anaphunzira kusayina kuseri kwa kalendala, mpaka dzina lake linayamba kutuluka mofanana katatu kotsatizana. Sanauze munthu.

Anapita atatu: iye, mlamu, ndi mwana wamkazi wa mlamuyo, wophunzira kwambiri, amene ankadziwa chinenero cha kumeneko. Za ndege Chikhatho sakumbuka zambiri, poti anatsinzina njira yonse. Chimene chinamutsegula maso ndi nyumba ya maloya olembetsa makampani. Inali yagalasi kuchokera pansi mpaka kumwamba, ndipo chitseko chinatseguka chokha iye asanachikhudze. Anabwerera m'mbuyo, chinatsekeka. Anasendera, chinatsegukanso.

"Amalume, tichedwa," anatero mtsikanayo.

"Taima kaye. Amene akukoka ali kuti?"

"Chakuzindikirani kuti ndinu bwana," anatero mlamu, akuseka.

M'chikepe chokwerera pamwamba munali chitsulo chogwirira, chozungulira mbali zitatu. Chikhatho anachisisita ndi chala kufunafuna pamene anawotcherera. Chitsulo chilichonse cholumikiza chimakhala ndi chipsera, ngakhale wochipanga apale chotani. Anafufuza pakona, anawerama n'kusuzumira pansi pake. Panalibe. Anafika pansanjika yakhumi ndi chinayi ali chiweramire. Kwinakwake padziko pano kunali mmisiri womuposa kutali, ndipo iye akanakonda kungomuona manja.

Loya anali mayi wa imvi, wolankhula motsitsa. Ofesi yake inalibe mulu wa mapepala, inalibe ngakhale fumbi. Pawindo magalimoto ankaoneka ngati nyerere. Mayiyo anagogoda kompyuta kangapo, n'kupereka cholembera kwa mlamu. Mlamu anasayina. Mtsikana anasayina. Chikhatho anapukuta dzanja pa buluku, kudikira.

"Inu ayi, alamu," anatero mlamu. "Ndani sadziwa kuti inu ndi cholembera simumwerana madzi? Chanu ndi dzanja. Kuno mwini ntchito amadinda ndi dzanja lonse."

Anamutengera pa makina a galasi pamwamba. Chikhatho anafunsa za penti, ndipo mtsikana anati penti siyofunika. Anaika dzanja pagalasipo. Kuwala kobiriwira kunayenda pansi pa chikhatho chake, pang'onopang'ono, kosawotcha, kosapweteka.

Kenako dzanja lake linaonekera pakhoma, lalikulu ngati chitseko.

Anaona mizere yonse. Anaona chipsera cha pamene anapsa ali mnyamata, zikanga zinayi, ndi mpata wa chala chija. Zaka zonsezi ankayenda nalo dzanjali koma anali asanalionepo chonchi. Mayi wa imvi anavula magalasi, anayang'ana khoma, anayang'ana iye, n'kunena mawu ochepa.

"Akuti sanaonepo chizindikiro cha kampani chokongola chotere," anamasulira mtsikana. "Akupempha akugwireni chanza."

Chikhatho anapereka dzanja. Maso anamuyabwa, ndipo anayang'ana kuwindo kuti mlamu asaone.

Kwawo pepala laboma limadya miyezi ndi nsapato. Kuno anawapatsa khofi, ndipo khofiyo asanazizire bwino satifiketi inatuluka m'makina, yofunda, ya chidindo chagolide. Mlamu anafuna kuilowetsa m'chikwama msanga, koma Chikhatho anaigwira pakona.

"Ndione."

"Ndi chinenero chawo ichi, alamu. Mungopweteka maso."

"Dzina langa lilibe chinenero. Ndione."

Sukulu analekeza kalasi yachinayi, koma kuwerenga amawerenga, chala chili pansi pa mawu. Pamwamba panali dzina la kampani, zilembo zikuluzikulu: CHIKHATHO. Pambali pake dzanja lija, lofiira. M'munsi munali mizere iwiri ya eni ake. Anawerenga woyamba, dzina la mlamu. Anawerenga wachiwiri, dzina la mtsikana. Anatembenuza pepala. Kuseri kunali koyera.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, afunse mayiwa. Ine ndili pati?"

Mtsikana anayang'ana bambo ake.

"Usayang'ane uko. Ndakutuma ndine."

Mtsikana anafunsa. Mayi wa imvi anayankha akumwetulira, ngati wonena nkhani yabwino, ndipo mtsikana anamasulira maso ali pa kapeti. "Akuti dzinali ndi dzanjali zatetezedwa tsopano. M'dziko lino palibe wina angazilembe pa chitseko kapena pa katundu, kupatula eni kampani."

"Ngakhale ine?"

Mtsikana sanamasulire funsolo.

"Alamu, musachite manyazi pamaso pa alendo," ananong'ona mlamu. "Malamulo akuno ngovuta, amafuna anthu a masukulu. Tikafika kwathu tikakonza."

Anatsika m'chikepe chomwe chija, atatu. Kunja kunkawala dzuwa lozizira, ndipo sitima yamagetsi inadutsa pakati pa msewu popanda utsi, popanda phokoso. Chikhatho anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Ngakhale mtima unali utatupa, anavomereza kuti zimenezo n'zodabwitsa.

Papita chaka ndi miyezi inayi. Kumeneko kampani yatsegula fakitale, ndipo mawilibala amatuluka mazanamazana, dzanja la zala zinayi litadindidwa kale ndi makina. Mlamu wapitako kasanu. Chikhatho akadali m'shedi, akuwotcherera. Satifiketi ili m'felemu muofesi ya mlamu, ndipo maina a eni ake ndi awiri omwe aja.