Lachitatu Losowa

Impso za adalaivala zitasiya ntchito, akazi awo anaphunzira kuti magazi nawo amachapidwa, kungoti kuchapa kamodzi kumadya ndalama imene iwo ankaipeza mwezi wathunthu pogulitsa misomali. Ndipo sachapa kamodzi. Dokotala anati katatu pa sabata: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, maola anayi pa makina, moyo wonse.

Mwayi unalipo. Bungwe lothandiza odwala impso linalemba dzina la adalaivala n'kuyamba kulipira. Mkulu wa bungwelo anali bambo wa mawu ofewa amene sankatha kumaliza chiganizo popanda kutchula masomphenya. Amayi odikira amuna awo pa benchi ya panja pa chipinda cha makina anawatcha a Masomphenya. Eniake atamva anakondwa, poyesa kuti ndi udindo.

Akazi a adalaivala nawo anali ndi dzina lawo pa benchipo: Anasikelo. Wodwala aliyense amakwera sikelo asanagone pa makina ndiponso akadzuka, kuti zidziwike kuti m'thupi mwachoka madzi ochuluka bwanji, ndipo anamwino amauza achibale kuti azilemba m'kope tsiku, kulemera polowa ndi kulemera potuluka. Ena ankalemba akakumbukira. Anasikelo, munthu woyeza misomali zaka makumi awiri, ankalemba ngati alipidwa, ndipo benchi yonse anaikakamiza kutero.

Patatha miyezi inayi a Masomphenya anafika ndi nkhope ya pamaliro. Opereka ndalama atopa, anatero. Lachitatu lichotsedwa kaye, koma masomphenya akadalipo. Atatero anakwera galimoto yatsopano ya bungwe, ya mipando yokutidwabe ndi pulasitiki, n'kupita ku hotela kumene kunali msonkhano wa masiku atatu wokambirana za kugwiritsa ntchito ndalama mosamala.

Kuchoka Lolemba kufika Lachisanu ndi patali kwa munthu amene sakodza. Pofika Lachinayi miyendo ya adalaivala inkakhala ngati mitondo, nsapato zitakana, ndipo ankagona chokhala chifukwa akagona chagada mpweya unkathawa. Madzi akumwa anali kapu imodzi tsiku lonse.

"Mayi, kasupuni kamodzi kokha," ankatero bambo amene kale ankakalipira makondakitala.

"Mwamaliza kale kapu yanu."

"Inali yosadzaza."

"Ndinayeza ndine, bambo."

Ankawamana, n'kutuluka panja kukatukwana a Masomphenya chamumtima, kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku Lachinayi, aphunzitsi a pa makina oyandikana ndi a adalaivala anamwalira madzi atadzaza m'mapapo. Akazi awo sanasiye kubwera pa benchi. Ankati kunyumba kuli zii.

Chaka chitatha, a Masomphenya anabwera kudzasankha munthu woti adzathokoze pamaso pa opereka ndalama, amene ankabwera kudzaona zipatso za masomphenya. Anasankha Anasikelo, chifukwa anali ndi nkhope yofatsa. Anawapatsa pepala la mawu oti adzawerenge ndi kabuku konyezimira ka lipoti la chaka, momwe munali zithunzi za a Masomphenya khumi ndi zinayi ndi chimodzi cha makina.

Anasikelo sanayang'ane zithunzi. Anapita ku masamba akumapeto, kumene kunali mayina ndi manambala. Adalaivala: kuchapidwa magazi ka 156. Anatsegula kope lawo n'kuwerenga mizere ndi chala, kawiri. Inali 121. Anabwerera ku lipoti. Aliyense anali ndi 156. Munthu wina ku ofesi anangochulukitsa katatu ndi masabata a pa chaka, n'kutsitsa nambalayo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngakhale aphunzitsi, amene anali m'manda miyezi isanu, sanajombeko ndi tsiku limodzi lomwe.

Anaonetsa anamwino aakulu. Iwo anatseka chitseko asanayankhe.

"Amayi, ine ndimangolumikiza mapaipi. Koma ndikuuzeni: anthu aja akakwiya n'kuchoka ndi ndalama zawo, kawiri kamene muli nakoka kasanduka ziro. Abambo atha masiku angati opanda makina?"

Anasikelo ankadziwa yankho. Sabata imodzi, mwina ndi theka. Anasenza nkhaniyo kupita nayo kunyumba, chifukwa magaziwo sanali awo koma a amuna awo.

Adalaivala anamvetsera akupuma ngati akwera phiri. "Ndiye Lachitatu langa analipira?"

"Analipira."

"Wina n'kudya?"

"N'kukwera."

"Kawerengeni za m'kopemo, mayi. Ndikafa ndife ndikudziwa kuti naye sakugona."

Tsikulo chipinda cha msonkhano chinali ndi maluwa a pulasitiki ndi mabotolo a madzi pa tebulo lililonse, ngakhale pa tebulo la odwala. A Masomphenya analankhula mphindi makumi anayi. Kutsogolo kunakhala alendo atatu, ndipo pakati pawo panali mayi wa imvi, wowerengera ndalama, amene ankaoneka kuti wamva mawu ngati amenewa m'zipinda zambiri. Kenako anaitana Anasikelo.

Anapinda pepala lija n'kuliika m'chikwama.

"Ndaima pano kuthokoza," anayamba, modzichepetsa kwambiri. "Choyamba ndithokoze bwana wathu pondiululira chinsinsi cha m'banja mwanga. Lipotili likuti abambo akunyumba anachapidwa magazi ka 156. Ine ndinawaperekeza ka 121. Ndiye ndawafunsa kuti, bambo, Malachitatu makumi atatu ndi asanu amenewa munkapita ndi ndani? Mpaka lero sakundiyankha."

Anthu anaseka. A Masomphenya nawo anaseka, mochedwerapo pang'ono.

"Chachiwiri ndithokoze m'malo mwa anzanga awa. Imirirani, amayi." Akazi a aphunzitsi anaimirira. "Amuna awo tinawaika m'manda miyezi isanu yapitayo. Koma taonani ubwino wa bungweli: likuwachapabe magazi katatu pa sabata. Pempho lawo ndi lakuti muwauze ola limene amafika, adzawaoneko."

Panalibenso woseka. Amayi a pa benchi anadzuka mmodzimmodzi, khumi ndi mmodzi, aliyense n'kukaika kope lake patsogolo pa mayi wa imvi uja. Makope ake anali a ana asukulu, othimbirira, ena onunkha mafuta opaka. Mayiyo anavala magalasi.

A Masomphenya analengeza kuti ndi nthawi ya tiyi, ngakhale madzi anali asanawire. Anawapeza Anasikelo m'khonde, n'kuwakokera pafupi ndi chitseko cha chimbudzi.

"Mayi anga, mayi anga. Mwandipweteka. Izi ndi za kalaliki, kulakwitsa kwa kompyuta. Tamverani. Mukabwerera mkatimo n'kunena kuti makopewo ndi osokonekera, abambo ayamba katatu sabata ino. Ndilipira ndekha."

Lachitatu linali mawa.

"Abambo okha?"

"Okha. Enawo tiona pang'onopang'ono."

"Bwana, ine ndine wa kumsika, mawu a pakamwa amandivuta. Mundilembere."

Munthu wanzeru akanakana. Koma a Masomphenya anali atakhala zaka zambiri akusayina zinthu, ndipo dzanja linkayamba lokha mutu usanafunsidwe. Analemba kuseri kwa pulogalamu ya tsikulo, atatsamiritsa pa khoma, n'kusayina siginecha yawo yonse, ya michira iwiri. Anaikaponso tsiku.

Anasikelo anagwada pang'ono polandira, monga mwa ulemu. Anawerenga. Analowa m'chipindamo n'kukaika pepalalo pamwamba pa makope.

Alendowo anaimitsa ndalama zonse za bungwe tsiku lomwelo, monga ananenera anamwino. Lachitatu linadutsa. Lachisanu kunalibe wolipira, ndipo Anasikelo anagulitsa katundu yense wa m'sitolo, ndi mashelefu omwe, kwa mnzawo wa sitolo yoyandikana, amene anawamvera chisoni kwambiri n'kugula pa theka la mtengo. Zinakwanira kawiri. Pa benchi ena anasiya kuwapatsa moni. Mayi wina anawauza pamaso kuti mwamuna wake akafa, maliro akagonekedwa pakhomo pawo.

Tsiku la khumi ndi chiwiri kunabwera kalata: opereka ndalama azilipira okha ku chipatala, osadzeranso ku bungwe, katatu pa sabata kwa aliyense. Palibe amene anamwalira m'masiku amenewo, ngakhale awiri anagonekedwa, ndipo mayi woopseza za maliro uja anayambanso kupereka moni, wa mutu wokha.

Lachitatu lotsatira adalaivala anagona pa makina, mapaipi awiri ofiira akutuluka pa mkono. Anasikelo anaima pakhomo, chifukwa mkati salola achibale.

"Akuti bwana wa bungwe uja apolisi amutulutsa pa belo," anatero anamwino podutsa. "Akuti akudwala, magazi akuthamanga."

"Aziwasamala bwino," anatero Anasikelo. "Asafe. Mlandu ndi liti?"

"Pa 9 mwezi wa mawa."

"Ndi tsiku lanji limenelo?"

"Lolemba."

Adalaivala anatsegula diso limodzi. "Ndiye andiperekeza ndani?"

"Mubwera ndi alamu anu. Ine ndi akazi a aphunzitsi tikukakhala benchi ya kutsogolo, pamene akatembenuka azitiona."

"Sitolo mulibe, mayi. Mudya mlanduwo?"

"Ndidya," anatero Anasikelo. "Pang'onopang'ono."